Mau Acibale m'Cingelezi

Caka ndi caka, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Mkaika, pafupi ndi Katete, kudzalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Tsono sukulu zitatsegulidwa, mphunzitsi akauza ana kuti alembe m'Cingelezi zimene anaona kumeneko, cimaoneka cinthu comvetsa cisoni. Mwana amene anaona mafumu, zinyau ndi anamwali amalemba kuti khamu linali big, ng'oma zinali big, mfumu inali big, ndipo zonse zinali nice. Koma mwana yemweyo, agogo ace akamfunsa madzulo, amasimba kufikira moto utazima, wosasowa liu ngakhale limodzi. Maso ace anaona zambiri, koma m'thumba mwace muli mau awiri okha a Cingelezi ofotokozera zonsezo.

Nkhani imeneyi si yaing'ono kwa makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira m'sukulu za Zambia, ndipo ngakhale mu 2014 zinenero za makolo zinapatsidwa malo m'makalasi oyamba, mayeso aakulu amalembedwabe m'Cingelezi. Mwana wosauka mau amalephera kuonetsa nzeru zimene ali nazo ndithu. Kuyambira mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anacuruka m'makalasi, kotero kuti mphunzitsi sangathe kukhala pansi ndi mwana ali yense. Cifukwa cace nchito ina iyenera kucitikira kunyumba.

Coyamba nkofunika kudziwa kumene bvutoli licokera, pakuti silicokera ku ulesi wa mwana ai. M'Cicewa muli mau ena owerengeka ofotokozera zinthu amene amasenza katundu wambiri. Mcewa amati munthu wamtali, phiri lalitali, citsime cacitali, ndiponso mseu wautali wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Koma Mngelezi amati munthu ndi tall, phiri ndi high, citsime ndi deep, mseu ndi long. Momwemonso nyama yaiwisi ndi raw, mango aawisi ndi unripe, nsomba zaziwisi ndi fresh. Ndipo pamene Mcewa afuna kulimbitsa mau, amati nsalu yayera kuti mbee, kunja kwada kuti bii, magazi afiira kuti psuu. Cingelezi sicidziwa bwino njira yokoma imeneyi. Ico cimangosintha liu lonse.

Kucuruka kwa mau acibale m'Cingelezi kuli ndi mbiri yace. M'caka ca 1066 dziko la England linagonjetsedwa ndi ankhondo a ku Normandy olankhula Cifalansa, ndipo kwa zaka zambiri Cifalansa cinali cinenero ca kubwalo la mfumu, pamene Cilatini cinali ca ansembe ndi anthu ophunzira. Motero Angelezi anasunga mau ao akale, naonjezapo mau a alendo. Nchifukwa cace cinthu cacifumu ali naco ndi mau atatu: kingly, locokera kwa makolo ao, royal, locokera ku Cifalansa, ndi regal, locokera ku Cilatini. Mu 1852 dotolo wina wa ku London, Peter Mark Roget, anasindikiza buku losonkhanitsa mau otere m'magulu, ndipo buku la mtundu umenewo limachedwa thesaurus kufikira lero.

Pamenepa ndi pamene pali msampha. Mau ofanana tanthauzo ali ngati ana a mai mmodzi: nkhope zifanana, koma ali yense ali ndi khalidwe lace. Mwana akangoloweza mndandanda wakuti big, large, huge, great, fat, naganiza kuti onsewo ndi amodzi, tsiku lina adzalemba kuti mfumu yaikuru ndi huge kapena fat, ndipo adzakhala atanyoza pamene anafuna kulemekeza. Liu loyenera mfumu ndi great. Nkhoswe yoweruza mlandu bwino ndi wise, koma Kalulu wa m'nthano ndi cunning, monga momwe Mcewa amasiyanitsira munthu wanzeru ndi wocenjera. Mtsikana akauzidwa kuti ndi slim akondwa, akauzidwa kuti ndi skinny akwiya, ngakhale mau onse awiri anena za kuonda. Agogo ndi elderly, zithunzi zimene makolo anajambula m'mapanga a cigawo ca Kum'mawa ndi ancient, buledi wogonera ndi stale. Onsewa ndi abale a liu lakuti old, koma wochula agogo ace kuti stale walakwa kwakukuru.

Cotero lamulo loyamba ndi ili: liu lisaphunziridwe lokha, koma pamodzi ndi cinthu cimene limayenda naco. Mwana akhale ndi kabuku kace, ndipo pa sabata atenge banja limodzi lokha la mau, osaposa 4. Pansi pa liu liri lonse alembe ciganizo ca cinthu cimene wationa ndi maso ace, monga nkhokwe ya atate ace, ngolo ya ng'ombe, kapena msika wa pa Katete. Pakutha masabata 10 adzakhala ndi mau 40 amene adziwa pogwiritsa pace, ndipo awa aposa mau mazana oloweza monga nyimbo.

Lamulo laciwiri ndilo kuika mau pa makwerero, kuyambira lofooka kufikira lamphamvu. Madzi osambitsa khanda ndi warm, phala locokera pamoto ndi hot, dzuwa la Okutobala ndi scorching. Madzi a mumtsuko ndi cool, mmawa wa Juni ndi cold. Ana angathe kucita zimenezi ngati masewera: wina achula liu la pansi, mnzace akwera nalo, ndipo amene wasowa liu aturuka m'bwalo.

Makolo ena adzati, nanga munthu wosadziwa Cingelezi angathandize bwanji? Iyeyu ndiye angathandize koposa. Mai angofunsa mwana kuti, “Iwe, tandiuza m'Cicewa, mau awiriwa asiyana pati?” Mwana akatha kufotokoza kuti ili ndi la nzeru zomanga mudzi, ilo ndi la kucenjera kwa wakuba, ndiye kuti wawadziwa, akacita cibwibwi, abwerere kwa aphunzitsi mawa akafunse. Agogonso asaleke kusimba nthano ndi kuponya miyambi madzulo, pakuti khutu lozolowera kusiyanitsa kuyenda, kudzoma ndi kunyang'ama silibvutika kumva kusiyana kwa mau a cinenero cina. Mwana wolemera m'Cicewa ndiye amalemera msanga m'Cingelezi.

Akuru anati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Mwana amene ayamba kabuku kace sabata lino, pofika Kulamba kwa caka ca mawa adzakhala ndi mau okwanira kulemba za khamu, za ng'oma ndi za mfumu, ciri conse ndi liu lace loyenera.