Katemera pa Nchito: Munthu Mmodzi, Maminiti Angati?

 Madzulo ano ndifuna kukamba za katemera amene anamwino abwera naye pa nchito, makamaka za nthawi imene munthu mmodzi ayenera kupatsidwa.

Akapitao ambiri ayesa kuti kulasa nyeleti ndi kanthu ka kamphindi, motero atumiza gulu lonse nthawi imodzi. Koma tiyeni tiwerenge. Kalaliki ayamba walemba dzina. Namwino afunsa ngati munthuyo adwala, kapena ngati mankhwala ena anamtupitsapo thupi. Pambuyo pace munthu apinda malaya nalasidwa. Tinene kuti zonsezi zitenga maminiti 5. Ndiye kuti namwino mmodzi atemera anthu 12 okha pa ola. Mukatumiza amuna 60 pa 7 koloko m'mawa, wotsiriza adzalowa dzuwa liri pamutu, ndipo ena adzakhala atatopa kale nabwerera osalandira.

Palinso nthawi ina imene ambiri aiwala. Pamene katemera wa Covid-19 anayamba m'Zambia mu April 2021, wolasidwa anali kuuzidwa kukhala pansi maminiti 15 asanacoke. Si ulesi ai. Nthawi zina, ngakhale sizicitika kawirikawiri, thupi likana mankhwala: pakhosi patupa, mpweya ubanika, ndipo izi zibwera msanga. Namwino ali nawo mankhwala a adrenaline opulumutsa moyo, koma angathandize bwanji munthu amene watsika kale m'cikepe, ali pansi pa mgodi? Cifukwa cace ndiyesa nkwabwino kutemera amuna akaweruka, osati polowa nchito.

Nawo mankhwala ali ndi nthawi yao. Kabotolo ka AstraZeneca kanali kukwanira anthu 10, ndipo kakatsegulidwa, otsalamo anali kutayidwa atapita maola 6. Munthu wolembedwa dzina akajomba, gawo lace lingathe kutayika.

Inu akapitao, patsani munthu ali yense tikiti lolembedwa nthawi yace, ndipo muwatumize anai anai, pakapita maminiti 20. Benchi limodzi lidzawakwanira. Musatemeretse gulu lonse tsiku limodzi, pakuti m'mawa mwace ena adzadzuka ndi mkono wowawa kapena kutentha thupi, ndipo mudzasowa wogwira fosholo.