Mvula Yogwa ku Dedza, Madzi Osefukira ku Chipoka



Anthu a ku Chipoka akudziwa kuti mtsinje wa Lifidzi umatha kudzaza kunja kuli ngwee, padenga pasanagwe ndi dontho lomwe. Madziwo amakhala a mvula imene yagwa usiku kumapiri a ku Dedza. Choyezera mvula chimanena za pamalo pokhapo pamene chaima. Mtambo ukakhuthula madzi kuseri kwa phiri, icho chimakhala chouma. Pofuna kutseka mpata umenewu, akatswiri a zamadzi m'mayiko ambiri amadalira rada ya zanyengo.

Rada ndi chida chimene chimazungulira pamwamba pa nsanja n'kumaponya mafunde a wailesi mumlengalenga. Mafundewo akagunda madontho a mvula amabwerera, ndipo kompyuta imawerengera pamene pali mtambo, kuchuluka kwa mvula yake ndi kumene ukulowera. Diso lake limafika makilomita oposa 200, ndipo chithunzi chatsopano chimatuluka mphindi 5 kapena 10 zilizonse. Akatswiri amaphatikiza zimenezi ndi kutsetsereka kwa dera, chinyezi cha nthaka ndi mitengo imene yatsala m'mbali mwa mtsinje, kuti adziwe nthawi imene madzi afike kuchigwa. Chenjezo lotere limatha kudza patatsala maola ochepa chabe, koma maolawo ndi okwanira kusamutsa ana, mbuzi ndi matumba a chimanga. Namondwe Freddy, amene anapha anthu ambiri kuchigawo cha kummwera mu Marichi 2023, anaonetsa kufunika kwa ola limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti rada siona mvula yokha. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, asilikali a ku Britain ankaona timadontho tosadziwika pa makina awo, nkutitcha angelo. Mu 1945 katswiri wa mbalame David Lack anasonyeza kuti angelo ambiriwo anali mbalame. Zimene kale zinkafufutidwa ngati zinyalala, lero ndi chuma cha ofufuza za nyama. Kafukufuku wa mu 2019, amene anapeza kuti North America yataya mbalame pafupifupi 3 biliyoni chiyambire 1970, anagwiritsanso ntchito ma rada 143 a dziko la United States. Kumtsinje wa Mississippi, tizilombo touluka tikamatuluka m'madzi timaoneka pa rada ngati mtambo wa mvula. Msodzi wa ku Chipoka sangadabwe nazo: nkhungu zimene zimakwera panyanja ngati utsi n'za mtundu womwewo wa chizindikiro, ndipo kuchuluka kapena kuchepa kwake kungauze akatswiri za moyo wa m'nyanja, kumene nsomba zimadya mphutsi zake.

Chipoka ilibe rada. Chidachi n'chokwera mtengo, chimafuna magetsi osathimathima, ndipo mapiri amachitchinga. Komanso rada imayerekeza chabe. Ziwerengero zake zimawongoledwa ndi zoyezera zapansi. Izi ndiye zilipo kale m'dziko muno. Kudzera m'ntchito ya M-CLIMES, imene inathandizidwa ndi UNDP ndi Green Climate Fund, boma linaika makina oyezera nyengo, oyezera madzi m'mitsinje, ndiponso oyandama pa Nyanja ya Malawi, oti azithandiza pochenjeza asodzi za mwera.

Vuto n'lakuti zida zotere zimabedwa. Munthu amazula sola ndi batire kuti azikatchajira mafoni, osadziwa kuti wathimitsa diso la mudzi wonse wa kumunsi. Khonsolo ikupempha mafumu ndi makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti adziwe chida chilichonse choyezera m'dera lawo, asankhe munthu wochiyang'anira, ndipo chikawonongeka anene kwa khansala tsiku lomwelo, mvula isanayambe.