KHONDE LA NYUMBA NDI MMISIRI WOLIMANGA

Pakhonde ndi pamene mlendo alandirira moni asanalowe m'nyumba, pamene mai asankhira nyemba ndi kusoka zobvala za ana, ndiponso pamene mwamuna wocokera ku nchito akhala pansi, nabvula nsapato zace, namvera wailesi kufikira nsima itapsa. Kumudzi khonde silibvuta: munthu adula nsanamira kuthengo, atalikitsa denga la udzu, mkazi wace nazira pansi ndi dothi, nchito yatha. Koma mu Lusaka khonde lidya ndarama, liri ndi malamulo ace, ndipo lifuna mmisiri. Alipo anthu amene anataya ndarama za penshoni pa kanchito aka kooneka kakang'ono, cifukwa anayamba kukumba asanafunse.

NYUMBA ZINALI ZA ENA

Kale nkhani yotere siinali kumkhudza munthu wa nchito wa m'tauni. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, pamene Boma linasamuka ku Livingstone. Azungu anapatsidwa malo akuru, ndipo ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene anthu acha kumayadi, kunamangidwa nyumba za makonde otambalala. Ku Kabwata kunali tinyumba tozungulira ta udzu, tomangidwira amuna amene anabwera okha kudzagwira nchito. Tina ta ito tinasungidwa, ndipo lero ndi Kabwata Cultural Village pa mseu wa Burma, pamene osema ziboliboli agulitsa katundu wao. Lamulo la 1948 linalamula kuti anchito okwatira apatsidwe nyumba za mabanja, koma nyumbazo zinali za Khonsolo kapena za bwana wolemba nchito, monganso ku migodi zinali za kampani. Nchito ikatha, nyumba yathanso. Munthu sakanaonjeza ngakhale njerwa imodzi pa nyumba imene siinali yace.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1996, pamene Boma la President Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo. M'zaka zotsatira nyumba za ku migodi nazonso zinagulitsidwa kwa anchito. Cotero mabanja ambiri a ku Kabwata, ku Chilenje ndi ku Chelstone tsopano ndi eni nyumba, ndipo mwini nyumba aliyense, akapeza kandarama, maso ace agwera pa khomo pamene palibe mthunzi.

CILOLEZO COYAMBA

Wokhala m'nyumba ya lendi asamange kanthu popanda kalata ya mwini wace, pakuti tsiku losamuka khonde silinyamulika. Mwini nyumba nayenso sali mfulu kumanga monga afuna. Lamulo la 2015, lochedwa Urban and Regional Planning Act, lifuna kuti wofuna kuonjeza nyumba yace apemphe cilolezo. Mu Lusaka pempho lipita ku Khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre pa Independence Avenue, pamodzi ndi pulani yojambulidwa ndi munthu wodziwa nchito yojambula nyumba, ndi makalata osonyeza kuti malowo ndi ace.

Ena ayesa kuti uku ndi kutaya nthawi cabe, koma zifukwa zace ndi zomveka. Pakati pa nyumba ndi mseu payenera kutsala mpata, ndipo malo ena amene munthu awayesa bwalo lace ndi malo a mseu. Pansi pa mabwalo a nyumba zakale za Khonsolo padutsa mipope ya madzi ndi ya zonyansa. Wothira konkire pamwamba pa cibvundikiro ca mpope wotere adzaona khonde lace likugumulidwa tsiku limene mpopewo udzatseka. Pamwamba padutsa nthambo za ZESCO, zimene siziyenera kuyandikana ndi malata. Khonsolo iri nayo mphamvu yolamula kuti comangidwa popanda cilolezo cigwetsedwe, ndipo ndarama zimene zinalowapo sizibwezedwa. Safunsa anadya phula.

Kumene nyumba ziri zogundana, monga m'mbali zina za Kabwata, nkwanzeru kukambirana ndi mnansi poyamba. Denga limene litsanulira madzi pa khomo la mnansi libala mlandu wosatha.

KHONDE LIYANG'ANE KUTI?

Lusaka ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndi cifukwa cace m'mwezi wa June ndi July kuzizira kwambiri, pamene October atentha. M'miyezi yozizira dzuwa liyenda cakumpoto, ndipo m'miyezi yotentha likhala pamutu peni peni. Tsono khonde loyang'ana kumpoto lilandira dzuwa nthawi imene anthu alifuna, nilipatsa mthunzi nthawi imene alithawa. Khonde la kumadzulo lipsa madzulo onse a October. La kum'mawa lilandira mphepo ya cirimwe ndi pfumbi lace, ndipo lifuna kakhoma kakafupi kochinga mphepoyo. Si nyumba zonse zilola mwini kusankha, pakuti khomo liri pamene liri. Koma wodziwa izi akhoza kutalikitsa denga kapena kubzala mtengo mbali yoyenera.

Ciri cinanso cimene ambiri aiwala. Nyumba zakale za Khonsolo ziri ndi makoma aafupi. Denga la khonde liyamba pansi pa denga la nyumba, ndipo liyenera kutsika kuti madzi ayende. Likatambalala kwambiri, mapeto ace afika pamutu pa munthu, kapena mmisiri aliika lathyathyathya, madzi naimapo. Mwini nyumba ayese msinkhu uwu ndi mmisiri asanagule lata limodzi.

NTHAKA NDI ZOMANGIRA

Pansi pa mbali yaikuru ya Lusaka pali mwala wa laimu. Pena piki igunda mwala pamwamba pomwe, pena dothi lipitirira, ndipo m'malo otsika madzi aima mvula ikagwa, pakuti mzindawu ulandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa caka, yambiri ya iyo pakati pa November ndi March. Cotero pansi pa khonde payenera kukwezeka pamwamba pa bwalo, koma pakhale potsikirako pang'ono kuposa pansi pa m'nyumba, ndipo papendekere kunja, kuti madzi asalowe pakhomo. Dothi lothiramo lisinjidwe kolimba, lithiridwe mankhwala a ciswe, ndipo pulasitiki ayalidwe pamwamba pace konkire asanathiridwe, kuti cinyontho cisakwere.

Simenti si yosowa kuno. Fakitale ya ku Chilanga, kummwera kwa mzinda, inayamba kuipanga m'caka ca 1951, ndipo simenti yace inagwira nchito pomanga damu la Kariba. Thumba limodzi lilemera makilogalamu 50. Muyeso wozolowereka wa konkire wolimba ndi uwu: simenti gawo limodzi, mcenga magawo 2, miyala yophwanya magawo 4. Khonde la mamita 5 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, konkire wace wocindikala masentimita 10, lidya matumba 6 kapena 7 pa pansi pokha, osawerenga maziko ndi makoma. Mwini nyumba amene adziwa ciwerengero ici sanyengedwa msanga, kaya ndi mmisiri wopempha matumba 20, kaya ndi wolonjeza kuti atatu akwana.

Matabwa ndi mapaso apezeka ku msika wa Buseko. Miyala yophwanya ndi zitsulo zowocherera zipezeka m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, mseu wochedwa dzina la woimba uja amene mau ace anadziwika pa wailesi ya Lusaka. Mtengo wa paini ndi wofewa, ndipo ciswe ciukonda. Usaikidwe wosapaka mankhwala, ndipo nsanamira ya mtengo isakhudze dothi. Nsanamira za citsulo zipakidwe utoto woletsa dzimbiri. Denga limangiriridwe kolimba ku nsanamira, nsanamira ku maziko, cifukwa mphepo ya mvula yoyamba ilowa pansi pa khonde ndi kulinyamula ngati ambulera.

Pali cenjezo limodzi lalikuru. Nyumba zambiri zakale zinafoleredwa ndi malata otuwa a asbestos. Akakhala osakhudzidwa sabvuta kwambiri, koma akadulidwa kapena kubooledwa aturutsa pfumbi limene liononga mapapo, ndipo nthenda yace ioneka patapita zaka zambiri. Amuna a ku migodi, amene apita ku Kitwe kukapimidwa cifuwa cifukwa ca pfumbi la miyala, safuna kuuzidwa kawiri. Mmisiri asaloledwe kuceka malata otere polumikiza khonde, makamaka ana ali pabwalo.

KUSANKHA MMISIRI

Apa ndipo pagona nkhani. Makontrakitala a m'dziko lino alembetsa ku National Council for Construction, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, limene linakonzedwanso mu 2020. Bungweli liwagawa m'magiredi 6: giredi 1 ndi ya makampani akuru, giredi 6 ndi ya aang'ono. Mwini nyumba ya ku Kabulonga wofuna khonde lalikuru la matabwa kapena la matailosi acita bwino kupempha kuona cikalata cimeneci. Khonde laling'ono kawiri kawiri limangidwa ndi mmisiri woyenda yekha ndi anyamata ace awiri; wotereyo akhoza kukhala ndi cikalata ca mayeso a umisiri ca TEVETA, ndipo kumfunsa si cipongwe.

Koma umboni woposa pepala ndi nchito ya manja ace. Mwini nyumba apite kukaona khonde limene mmisiriyo anamanga, makamaka limene lapyola mvula ziwiri. Ayang'ane ming'alu pansi, ayang'ane madontho pamene denga likumana ndi khoma, ndipo afunse mwini wace, mmisiri palibe, ngati nchito inatha pa nthawi yace ndi pa mtengo umene anapangana. Afunse mitengo kwa amisiri atatu, yense alembe payekha za zomangira ndi za manja ace. Mtengo wotsikitsitsa uyenera kucititsa mantha, pakuti mmisiri amene wacepetsa mtengo kuti apeze nchito adzabweza ndarama yace pocepetsa simenti.

Kulemba mbale kapena mlamu kuoneka kopepuka poyamba. Bvuto lace lioneka tsiku limene khoma lapindika: munthu acita manyazi kudzudzula mlamu wace, ndipo akadzudzula, mlandu ufika kwa ankhoswe. Wofuna kuthandiza mbale amlembe, koma pangano likhale lomwelo limene akanacita ndi mlendo.

PANGANO LILEMBEDWE

Mapangano ali a mitundu iwiri. Pena mwini nyumba agula yekha zomangira, nalipira mmisiri za manja ace okha. Njira iyi isunga ndarama, koma ifuna munthu wokhala pakhomo wowerenga matumba m'mawa ndi madzulo. Pena mmisiri abweretsa zonse. Njira iyi ipumitsa mwini nyumba, koma mtundu wa malata, wa matabwa ndi wa mabuloko uyenera kuchulidwa, kuti asabweretse zopepuka.

Njira iri yonse, pangano lilembedwe pa mapepala awiri, lina la mwini nyumba, lina la mmisiri, pamaso pa mboni. Lichule maina ndi nambala za zitupa, miyeso ya khonde, mtengo wonse, tsiku loyamba ndi lotsiriza, ndi amene adzacotsa zinyalala. Maganizo akasintha nchito iri pakati, monga kuonjeza masitepe kapena kakhoma, mtengo wace ulembedwe tsiku lomwelo.

Ndarama zisaperekedwe zonse poyamba, ngakhale mmisiri alire za maliro kapena za lendi. Wolandira zonse nchito isanayambe alibenso comubweretsa m'mawa, ndipo apita kukayamba nchito yina. Malipiro atsate nchito: gawo lina maziko atatha, lina konkire atathiridwa, lina denga litakwera. Ndarama iri yonse ikhale ndi lisiti kapena siginecha. Zotumiza pa foni ziri ndi ubwino wakuti zisiya umboni. Zinthu zikabvuta, liripo bwalo la milandu yaing'ono, Small Claims Court, kumene munthu adzinenera yekha popanda loya. Koma kumenekonso wopambana ndi amene ali ndi pepala.

NCHITO IRI MKATI

Miyezi yabwino yomanga ndi kuyambira May kufikira September, mvula kulibe ndipo dzuwa lisanakule. Tsiku lothira konkire mwini nyumba kapena mkazi wace akhalepo, aone ndi maso ace mawilibala a mcenga ndi matumba otsegulidwa. Konkire wa madzi ambiri asalala msanga, anyamata namkonda, koma ndi wofooka. Atathiridwa afuna kumwetsedwa madzi masiku 7, wofundidwa ndi masaka kapena udzu, ndipo afika pa mphamvu yace yeni yeni patapita masiku 28. Nchito yothirira iyi ndi yopepuka, mwana wa sukulu aikhoza, koma ikaiwalika pansi pang'ambika ndi kufumbutuka, ndipo polishi wofiira sadzabisa cilemaco.

Potsiriza, gawo limodzi mwa magawo 10 a malipiro a mmisiri litsale m'manja mwa mwini nyumba, ndipo ici cilembedwe m'pangano kuyambira paciyambi kuti pasakhale kudandaula. Khonde liri lonse lioneka labwino mu September. Mvula ya November ikagwa kawiri kapena katatu, denga osadontha, madzi osalowa pakhomo, pamenepo mmisiri aitanidwe, apatsidwe mpando pakhonde limene anamanga, ndipo alandire ndarama zace zotsala.