Nyali Yoyatsidwa ndi Gudumu la Njinga

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, phunziro lathu lero ndi la nyali ya njinga. Tikulankhula makamaka ndi inu a m'boma la Rufunsa, kuyambira ku Chinyunyu kumene kuli akasupe a madzi otentha, kufikira kwa Mpanshya, popeza m'dera lanu mudutsa msewu waukulu wa Great East Road, wochokera ku Lusaka kunka ku Chipata. Dzuwa likalowa magalimoto saleka kuyenda mumsewu umenewu, ndipo nthawi yomweyo ndi imene atate anu ndi akulu anu amakhala akubwerera kumudzi pa njinga, kuchokera kumsika, kuchigayo kapena kuchipatala.

Anthu ambiri amayesa kuti nyali ya njinga ndi younikira maenje ndi miyala basi. Munthu wotere amati, "Njira ndiidziwa, ndipo mwezi uli mbee, nyali ndi yachiyani?" Iye waiwala ntchito yaikulu ya nyali, ndiyo yakuti woyendetsa galimoto amuone akali patali. Tiyeni tichite samu. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola limodzi imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Ngati woyendetsa aona njinga yopanda nyali itatsala mamita 40 okha, ndiye kuti alibe ndi masekondi awiri omwe akuti aganize, aponde mabuleki, ndi kuima. Lole yodzaza katundu singathe kuima pamenepo.

Pali nyali ina yosafuna mabatire kapena palafini. Magetsi ake amachokera ku kachipangizo kotchedwa dayinamo, kooneka ngati kabotolo, kamene amakamangirira pafupi ndi gudumu. Pamutu pake pali kagudumu kakang'ono kamanomano kokhudzana ndi tayala. Mukamapalasa, tayala limazunguza kagudumuko, ndipo iko kamazunguza maginito ali m'kati. Pafupi ndi maginitowo pali waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Maginito akamazungulira pafupi ndi waya wotere, m'wayamo mumayamba kuyenda magetsi, ndipo magetsiwo amafika ku babu. Dayinamo wamba wa njinga amatulutsa mavoti 6 ndi mawati 3, mphamvu yochepa, koma yokwanira nyali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo.

Nzeru imeneyi anaitulukira ndi Michael Faraday, ku London, m'chaka cha 1831. Makina aakulu a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, amene amapereka magetsi ku mizinda yathu, amagwira ntchito mwa njira yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko amazunguza ndi madzi, pamene pa njinga imazunguza ndi miyendo yanu.

Koma dayinamo ali ndi chilema chimene muyenera kuchidziwa. Gudumu likamayenda pang'onopang'ono nyali imazilala, ndipo likaima nyali imazima. Taganizirani munthu amene wafika pa zitunda za ku Manenekela, cha kufupi ndi mlatho wa Luangwa, atanyamula matumba a makala. Watsika, akukankha njinga, nyali yake yangotsala kaphetiphete, ndipo matumba aja aphimba ya kumbuyo. Pamalo pokhotakhota pamene afunika kuoneka koposa ndi pamene sakuoneka konse. Nthawi ya dzinja nayo imavuta, pakuti kagudumu kaja kamaterereka pa tayala lonyowa. Njinga zina zatsopano zili ndi dayinamo m'kati mwa habu, pakati penipeni pa gudumu, pamene mvula ndi matope sizimulepheretsa, ndipo nyali zina za LED zimasunga magetsi pang'ono kotero kuti zimayakabe kanthawi njinga itaima. Zimenezi n'zabwino, koma mtengo wake si wa aliyense.

Nchifukwa chake tikuti gudumu livale zonyezimira. Izi ndi timapulasitiki timene timamangidwa pa masipoko. Sitiyaka tokha, koma kuwala kwa galimoto kukatigunda timakubweza kumene kwachokera, m'maso mwa woyendetsa. Nyali ya kutsogolo ndi ya kumbuyo sizioneka bwino kwa munthu wobwera cham'mbali. Mukamadumpha msewu, kapena mukamatuluka m'kanjira ka kumudzi kulowa pa tala, chimene woyendetsa amaona ndi magudumu anu. Chinthu chowala chimene chikuzungulira chimakopa diso msanga, ndipo munthu amazindikira pomwepo kuti iyo ndi njinga. M'masitolo ena a mu Lusaka mumapezekanso tinyali ta mabatire topanika pa masipoko, koma mabatire amatha, pamene chonyezimira chimangofuna kupukutidwa fumbi.

Musasokoneze mitundu. Kutsogolo nyali ikhale yoyera, kumbuyo yofiira, ndipo muziyenda kumanzere kwa msewu. Wonyamula katundu amangirire chonyezimira chofiira kumbuyo kwa katunduyo, osati pansi pake.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, bwerekani njinga ya dayinamo muigadamitse patsogolo pa kalasi. Mwana mmodzi azunguze pedulo ndi dzanja, poyamba pang'onopang'ono, kenaka mofulumira, anzake anene chimene chikuchitika ku babu. Mukatero tsekani mazenera, muunike chonyezimira ndi tochi, tochiyo ili pafupi ndi diso la mwana. Ana awerengenso njinga zonse za kwawo, alembe m'makope mwawo kuti zili ndi nyali ndi zingati, ndipo zili ndi zonyezimira pa masipoko ndi zingati.