Tifunse Tisanakwapule

Kuwerenga kwa lero: 1 Mafumu 19:1-18



Ife amene tinagwira coko zaka zambiri tili ndi zinthu zina zimene zimaticititsa manyazi tikazikumbuka. Pa sukulu ina ya kumudzi panali mnyamata wa giredi 6 amene anali kugona m'kalasi tsiku ndi tsiku. Tinamucha waulesi. Tinamukwapula, tinamukumbitsa dzenje la zinyalala, tinamuimika padzuwa, koma osasintha. Temu yonse inatha popanda mphunzitsi ndi mmodzi yemwe womukhazika pansi. Amene anamufunsa ndi amai ena ogulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango. Iwo anangoti, "Mwanawe, kodi usiku umagona?" Mwana uja anayamba kulira. Amai ake anali cigonere, ndipo usiku wonse iye ndiye anali kuwatembenuza ndi kuwapatsa madzi. Ife tinali kulanga tulo, pamene vuto linali kunyumba.

Nkhaniyi taikumbutsa cifukwa ambiri a ife mtima wathu timaucita monga tinacitira mwana uja. Tikaona kuti tayamba kupsa mtima msanga, tulo tatithawa, nsima siikulowa, kapena miyendo ikungotitengera kumowa, timathamangira kudzikwapula. Timati, "Ndine munthu wacabe, cikhulupiriro canga n'cocepa." Mwina timasala kudya, timalonjeza kuti mawa tisintha, koma mawa likafika zonse zili cimodzimodzi. Kufunsa kuti mkwiyo umenewu ukucokera kuti, ai, sitifunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Taonani mmene Mulungu anacitira ndi Eliya. Mneneri ameneyu anali atangogonjetsa aneneri a Baala pa phiri la Karimeli. Koma Yezebeli atamutumizira uthenga woti amupha, anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nalowa yekha m'cipululu ulendo wa tsiku limodzi. Anakhala pansi pa kamtengo napempha kuti afe. Munthu wa Mulungu weniweni, wopemphera moto n'kutsika, ndiye amene anafika potopa ndi moyo.

Mulungu sanamudzudzule. Coyamba anamulola kugona, ndipo mngelo anamudzutsa kawiri konse kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Atayenda masiku 40 n'kufika ku Horebu, Mulungu anamufunsa cimene anali kucita kumeneko. Funso limenelo analibwereza kawiri. Kodi Mulungu sanali kudziwa? Anali kudziwa bwino. Wosadziwa anali Eliya mwini wake, ndipo anafunika kumva ndi makutu ake zimene zinali mumtima mwake. Pokamba, cinatuluka cimene cinali kumudya: anali kuganiza kuti watsala yekha. Mulungu atamumvetsera mpaka pamapeto, anamuonetsa kuti ganizo limenelo silinali loona, pakuti panali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala. Komanso anamupatsa nchito yoti akacite, namupatsanso Elisa woyenda naye.

Njira imeneyi, ya kudya ndi kupumula, kufunsidwa, kumvetseredwa, kuyesa maganizo ngati ali oona, ndi kuyamba ndi cocita cimodzi, ndi yofanana kwambiri ndi imene aphungu ophunzitsidwa amatsata masiku ano.

Ambiri a ife mau oti uphungu tinayamba kuwamva pa kiliniki, nthawi yoyezetsa magazi. Ena akamva za thandizo la maganizo amangoganiza za Chainama ku Lusaka, nati, "Ine sindine wamisala." Koma uphungu ndi waukulu kuposa pamenepo. Ndi kukambirana kwa anthu awiri, mwamseri, pa nthawi yopangana, kumene wina anaphunzitsidwa kumvetsera ndi kufunsa, kuti mnzakeyo adzidziwe bwino. Alangizi ndi ankhoswe amatiuza zoti ticite, ndipo ali ndi malo ao olemekezeka pakati pathu. Phungu nchito yake ndi ina. Iye satipatsa yankho lopsa kale. Amatithandiza kuti tilipeze tokha, cifukwa yankho limene munthu wadzipezera ndi limene amaligwiritsitsa.

Tiyerekeze abambo ena amene mwana wao akangopempha nsapato za kusukulu, iwo amalusa nyumba yonse n'kukhala zii. Pambuyo pake amadzimvera cisoni, amagula masiwiti, koma mwezi wamawa abwerezanso. Phungu angawafunse kuti, "Mwana atapempha, musanakalipe, n'ciani cinabwera m'maganizo mwanu?" Mwina tsiku loyamba adzati palibe. Tsiku lacitatu angakumbuke kuti ganizo limene limabwera ndi lakuti, "Ndalephera ubambo, anthu akundiseka." Mwinanso angakumbuke kuti iwo ali mwana anasekedwa m'kalasi cifukwa ca kabudula wong'ambika. Apo ndiye kuti aona muzu. Mkwiyo uja unali manyazi akale ovala malaya ena. Akadziwa cimeneci angathe kuuza mwana wao mofatsa kuti, "Lero ndilibe, tidikire tigulitse nshawa." Umphawi sunacoke, koma nyumba yapeza mtendere, ndipo mwana sadzakula ndi bala limene atate ake anakula nalo.

Akatswiri a za maganizo amaphunzitsa kuti zimene timaganiza, zimene timamva mumtima, ndi zimene timacita n'zolumikizana ngati mafuwa atatu. Ukasuntha limodzi, mphika wonse umasuntha. N'cifukwa cake phungu amakonda kufunsa kuti, "Ganizo limeneli, umboni wake uli kuti?" Ndi mmene ganizo la Eliya loti watsala yekha linagwera litakumana ndi anthu 7,000.

Tisaganize kuti izi ndi za anthu a m'tauni okha kapena za azungu. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaona kuti madokotala onga iye ndi ocepa kwambiri. Ca m'ma 2006 anayambitsa nchito yochedwa Friendship Bench mu mzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pabwalo la kiliniki ndi kumvetsera anthu ovutika ndi cimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Munthu amabwera pafupifupi ka 6. Amachula mavuto ake onse, amasankhapo limodzi, napangana ndi agogo aja cinthu cimodzi coti akayese asanakumanenso. Ofufuza atayesa njirayi anapeza kuti ikuthandizadi, ndipo inafalikira ku maiko ena. Kuno kwathu nako, mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo, loteteza ulemu ndi ufulu wa anthu odwala matenda amenewa.

Wina angafunse kuti, "Nanga pemphero silikwanira?" Abale, mwendo ukathyoka timapemphera, komanso timakwera ngolo kupita kucipatala, ndipo palibe amene amati tacepa cikhulupiriro. Pemphero ndi uphungu sizilimbana. Kunena zoona, munthu amene wadziwa cimene cili mumtima mwake amapemphera molunjika. Pa mapemphero athu a Lamulungu timaulula macimo tonse pamodzi, koma n'kovuta kulapa cinthu cimene sunacione. Diso limaona phiri lakutali, koma kacitsotso kali m'kati mwake amakacotsa ndi mnzako.

Tsono ticite ciani? Coyamba, tikaona kuti papita masabata awiri kapena kuposerapo tili osakondwa, osagona, osafuna kuonana ndi anthu, tipite ku kiliniki tikafunse ngati pali phungu. Tikauze anamwino zonse, cifukwa nthawi zina kufooka ndi kusakondwa kumabwera ndi matenda a m'thupi, monga kucepa kwa magazi. Ena angafunike mankhwala pamodzi ndi kukambirana, ndipo pamenepo palibe camanyazi.

Caciwiri, timudziwe phungu woona. Iye amasunga cinsinsi, kupatula ngati moyo wa munthu uli pangozi. Satiweruza, satiopseza, salozera cala m'bale wathu kuti ndiye watilodza, ndipo satiitanira kumalo obisika usiku. Tikaona zotere ticokepo.

Cacitatu, tidekhe. Bala la zaka 30 silipola pa tsiku limodzi, ndipo masiku ena timacoka kwa phungu mtima uli wolemera kuposa mmene tinabwerera, cifukwa takhudza pamene panali pobisika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Cacinai n'cofunika kwambiri. Munthu akanena kuti watopa ndi moyo, monga ananenera Eliya, tisamuseke ndipo tisamudzudzule. Tisamusiye yekha. Ticotse pafupi naye zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda, ndipo timuperekeze kucipatala tsiku lomwelo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo, koma kumamutsegulira khomo loti akambe.

Sitonse tidzakhale aphungu, koma tonse tingaphunzire kwa amai a zitumbuwa aja. Sabata ino, m'bale akabwera ndi nkhawa, tiyese kukhala cete mpaka amalize. Tisathamangire kumuuza kuti alimbe mtima, kapena kuti ena ali pa mavuto oposa ake. Timufunse funso limodzi, ndipo zimene watiuza zisakamveke pa citsime. Ifenso madzulo ano, tisanagone, tidzifunse mofatsa kuti, "Mtima wanga, cikukuvuta n'ciani?"

Tipemphere.

Mulungu Atate wathu, inu munadyetsa Eliya pamene anatopa, ndipo munamumvetsera musanamutume. Tikhululukireni pa ana ndi abale amene tinawalanga tisanawafunse. Tipatseni kulimba mtima kuti tikambe zimene tazibisa nthawi yaitali, ndipo mutitsogolere kwa anthu okhulupirika otimvetsera. Dalitsani aphungu, anamwino ndi madokotala a m'dziko lathu. Amene usiku uno tulo tawathawa, akhazikeni mtima pansi, ndipo muwatumizire mnzao kukaca. Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.