Kodi Pulezidenti Angachotsedwe Nthaŵi Yake Isanakwane?

Omvera a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma amadziŵa kuti mfumu siidzilonga yokha. Mbumba ndiyo imaloza munthu. Chimene chimavuta ndi ichi: kodi amene analonga mfumu angathenso kuilanda mpando ikalakwa? Funso lomwelo likhudzanso mpando wa Pulezidenti.

Kuyambira 1971, pamene Dr. Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya, funso lotere silinkafunsidwa poyera. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ndiwo anaika zaka zisanu, naikanso Gawo 86 lochotsera mtsogoleri. Khomo lake ndi lopapatiza. Pulezidenti ayenera kukhala ataphwanya kwambiri malamulo, ndipo magawo aŵiri mwa atatu a aphungu ayenera kuvomereza kuti aimbidwe mlandu, ndi kuvomerezanso kuti mlanduwo wamugwera. Kukwera kwa mtengo wa feteleza, ngakhale kupweteke chotani, sikuli m'gawo limeneli.

Gawoli linayesedwa mu 2005. Dr. Bingu wa Mutharika, amene anapambana mu 2004 pansi pa UDF, anatuluka m'chipanicho nayambitsa DPP. A UDF anati waŵagwiritsa fuwa lamoto ndiponso waphwanya malamulo, nafuna kumuchotsa. M'Nyumba ya Malamulo munali aphungu 193, kotero panafunika mavoti 129, ndipo popanda MCP ya a John Tembo, imene anthu ambiri a m'chigawo chapakati anaivotera, chiŵerengerocho sichikadakwana. Mkangano unakula kotero kuti mu June chaka chomwecho Sipikala, a Rodwell Munyenyembe, anakomoka m'Nyumbamo mkati mwa phokoso, namwalira patapita masiku ochepa ku Johannesburg.

Ofuna kumuchotsa anali ndi mfundo yosanyozeka: lamulo limene atsogoleri adziŵa kuti silidzagwiritsidwa ntchito liri ngati galu wopanda mano. Koma chaka chimenecho mvula inadula msanga, nkhokwe zinali mbee, ndipo anthu mamiliyoni anafunika chakudya chothandizidwa. Mlimi wa ku Nsaru sankafunsa za Gawo 86. Ankafunsa ngati bajeti idutse kuti makuponi a feteleza afike mvula isanagwe. Panalinso china chimene ambiri sanachikonde: mpando ukadapita kwa wachiŵiri wake, a Cassim Chilumpha, amene anatsala mu UDF. Khoti Lalikulu linaimitsa ndondomekoyo, ndipo kumayambiriro a 2006 phungu amene anabweretsa nkhaniyo, a Maxwell Milanzi, anaibweza. Mu 2009 Dr. Mutharika anapambananso ndi mavoti ochuluka.

Pulezidenti amene anachoka zaka zisanu zisanakwane sanachotsedwe ndi aphungu. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha 2019, ndipo pa 23 June Prof. Peter Mutharika anagonja kwa Dr. Lazarus Chakwera, mwana wa ku Malembo, amene anali phungu wa kumpoto chakumadzulo kwa Lilongwe. Zinthu zitayamba kukwera mtengo ndi mafuta kusoŵa, m'mizinda munachitika zionetsero zoti iyenso atule pansi udindo, ndipo ena amene anavina mu 2020 anayamba kunena za zaka zisanu zimene lamulo limapereka. Dr. Chakwera anamaliza nthaŵi yake. Pa 16 September 2025 anthu anaponya voti, ndipo mpando unabwerera kwa Prof. Mutharika.