Tisonkherenso Phala la Ana: Mawu kwa Anthu a ku Mchinji Okhala ku Johannesburg

Ndaona a kwa Mkanda, a kwa Mavwere, a kwa Zulu, a kwa Mlonyeni, a ku Kapiri ndi a pa Kamwendo, komanso abale athu a tsidya la Mwami.

Pa nkhani ya maliro palibe angatinyoze. Mnzathu akatisiya, foni zimalira usiku womwewo, ndalama zimasonkhedwa, thupi limakwera ulendo mpaka kukagona pakati pa makolo ake. Zimenezi zisathe. Koma lero ndaimirira kudzalankhulira anthu amene dzina lawo silinalowepo m'buku la asungichuma: ana aang'ono, amene tinawasiya kumudzi ndi amene tili nawo kuno.

Ndalama zimene timatumiza pa Mukuru tonse tikudziwa kumene zimapita. Feteleza, malata, fizi ya wa ku sekondale. Wa zaka zitatu amangowerengeredwa m'mphika wa agogo. Tsono taganizirani mmene kumachera mwezi wa Januwale. Agogo atenga khasu kukapalira mtedza. Kamwana kamene kakutsala akabereka ndi mkulu wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, chitenje chikuchita kukwekwereza pansi. Tsiku limenelo tataya ana awiri: wamng'ono sanapite ku mkombaphala, wamkulu wajomba ku Sitandade 2.

Sikuti kwathu kulibe sukulu za mkombaphala ayi. Zilipo m'midzi yambiri, zina m'tchalitchi, zina m'chisakasa cha udzu, ndipo zimayendetsedwa ndi komiti ya m'mudzi pansi pa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Alezi ake ambiri ndi amayi ongodzipereka. Amayamba m'mawa kuimbitsa ndi kuwerengetsa ana a eni, kenako n'kupita kumunda kwawo dzuwa litakwera kale. Chimene chimapha sukuluzi si kusowa ana. Ndi ufa. Pakakhala phala, ana amabwera okha ndi timakapu tawo m'manja. Nkhokwe zikauma, moto wa pa mkombaphala umazima, ndipo ana amabalalika mpaka chimanga chitacha. Mlezi naye akatopa ndi kugwira ntchito yopanda ngakhale sopo, amasiya. Ine sindimuda.

Thandizo la boma lilipo, ndipo ife a ku Mchinji tili ndi chifukwa cholidziwira kuposa ena. Mtukula Pakhomo anayambira kwathu mu 2006, mothandizidwa ndi UNICEF, asanafalikire m'maboma onse a dziko lathu. Amapita kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo pamakhala kandalama kowonjezera ka mwana aliyense amene ali pasukulu. Agogo amene akulera ana amasiye ndi eni ake enieni a ndondomekoyi. Ngati muli ndi nkhalamba yotere pamudzi panu, imbani foni, uzani abale akafunse kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti kalembera amayenda bwanji. Koma tisanamizane: Mtukula Pakhomo amafikira mabanja ochepa, pafupifupi limodzi pa mabanja khumi alionse, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalamayo siyigulanso zimene inkagula. Singadyetse mkombaphala wonse.

Za kuno ndidutsapo mwachangu, ngakhale n'zowawa. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amanyamuka kusanache kuthamangira tekisi, mwana n'kumusiya kwa neba, kapena kumutsekera m'chipinda ndi buledi. Ndalama ya ana imene boma la kuno limapereka kudzera ku SASSA ndi ya nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka, choncho ambiri mwa ife siyitikhudza. Komabe pali ziwiri zoti muzisunge. Kreshi yolembetsedwa ku boma imatha kulandira ndalama pa mwana tsiku lililonse; kwa zaka zingapo inali R17, ndipo mu 2025 boma linalengeza kuti ikwera kufika R24. Musanalipire, funsani ngati kreshiyo ndi yolembetsedwa komanso ngati imalandira thandizoli. Chachiwiri, mu Disembala 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu ya boma chifukwa chosowa mapepala. Mwana wanu asakhale m'nyumba chifukwa cha mantha anu.

Ndiye ndikupempha chiyani? Titsegule thumba lachiwiri pambali pa la maliro. Aliyense aziponyamo R50 pamwezi. Gawo lalikulu lizipita kumudzi, koma osati ngati ndalama m'manja mwa munthu mmodzi, poti zimenezo zinadanitsa kale mabanja ambiri. Tisankhe mikombaphala iwiri kapena itatu poyamba, imene ili ndi komiti yamoyo ndipo ikudziwika ku boma. Tizigula chimanga, soya ndi mtedza nthawi yokolola, mitengo ili pansi, kuti phala lisaduke m'miyezi ya njala. Zonsezi zimalimidwa kwathu konko, ndiye ndalamayo ikagweranso m'thumba la mlimi wa ku Mchinji. Amfumu akapereka malo, tigule mbewu ndi feteleza za munda wa mkombaphala, makolo azilima okha. Alezi tiziwapatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Masana, malo omwewo akhoza kusonkhanitsa ana a pulayimale akaweruka, aziwerenga ndi kusewera mpira pamaso pa munthu wamkulu, m'malo mokayendayenda pamsika kapena kunyamula katundu wa ogeni pa boda.

Gawo lotsalalo likhale la kuno, ngati chipereganyu cha fizi ya kreshi kwa mayi amene ntchito yamuthera mwadzidzidzi.

Wina afunsa kuti tikhulupirira ndani. Funso labwino. Pakhale buku, malisiti azijambulidwa n'kuponyedwa pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo aliyense wopita kumudzi pa Khirisimasi akayendere malowo, akaone mphika, akawerenge ana, adzatiuze pamsonkhano wa Januwale. Ndikufuna amayi akhale ambiri mu komiti yoyendetsa thumbali, chifukwa ndiwo amadziwa kuti thumba la ufa limatha masiku angati.

Apampando, ndikupempha kuti nkhaniyi isadikire msonkhano wina. Tisankhe anthu asanu lero tisanabalalike, ndipo alembi atsegule tsamba latsopano. Amene mwavomera, kwezani manja tikuoneni.